Che Binali, Wosambitsa Ng'ombe

Ine ndine wophika pa loji ina ku Senga Bay, ndipo pa ntchito yangayi pali zinthu ziwiri zimene zimandipsetsa mtima: mlendo wothira mchere asanalawe, ndi mchenga m'nyama. Wa mchereyo ndilibe naye chochita, ndi kasitomala. Koma za mchenga ndinkadziwa kokakalipa, ndipo n'kumene ndinazolowerana ndi Che Binali.

Kophera nyama kwathu kuno si chinyumba chachikulu ngati zija za ku Lilongwe ayi. Ndi kasimenti chabe, denga la malata, mbedza zokolekapo nyama, ngalande yopita kudzenje, ndi khola kuseri, m'mbali mwa msewu wopita ku Lifuwu. Mwini wake ndi a Kelvin, amene alinso ndi butchala pamsika. A Kelvin ndi Mkhristu ngati ine ndemwe, koma kuno kunyanja wabutchala wanzeru zake sazinga yekha, chifukwa theka la makasitomala ake limapita kumzikiti Lachisanu. Ng'ombe imayenera kuzingidwa ndi Msilamu wodziwika, woti munthu akafunsa kuti "Wazinga ndani?" dzina lokha limukhazike mtima pansi. Kuyambira ine ndili kamtsikana, dzina limenelo linali la Che Binali.

Ndi bambo wamfupi, wochepa thupi, wa ndevu zaimvi, wosasiyana ndi mzuli kumutu ndi njinga yakale yoimitsa ndi chidendene. Mpeni ankaukulunga m'kansalu koyera. Unali wa malemu bambo awo, amene ankazinga pansi pa mkuyu nyama n'kumasendera pamasamba, ndipo unali utanoledwa zaka zambiri moti unatsala wowonda ngati tsamba la bango. Ankafika dzuwa litangotuluka, akuchokera kumzikiti ku swala, pemphero la m'mawa. Ankayamba aipatsa madzi ng'ombe kuti imwe, mpeni ataubisa kumbuyo, chifukwa pa chipembedzo chawo n'kulakwa kuonetsa chiweto mpeni kapena kuunolera pamaso pake. Osenda akaigwetsa n'kuilozetsa ku Kibula, kumene Asilamu amayang'ana popemphera, iwo ankagwada, kutchula dzina la Mulungu, kamodzin'kamodzi basi zatha. Kenako ankatsuka mpeni, kulandira nthuli yapakhosi imene mwa mwambo ndi ya wozinga, n'kukwera njinga. Kusenda, kutumbula, kukhuthula chifu, zimenezo sizinali zawo, ndipo mkanjo wawo unkabwerera kunyumba uli mbee.

Ndiye ine ndinkawagwirira pomwepo, phazi lili pa pedulo.

"Che Binali, nyama ya dzulo inali ndi mchenga wokwanira kupakira pulasitala chimbudzi!"

"Mayi Zione," ankayankha akuseka, "ine ndimayankha za pakhosi pokha. Za mchenga mukafunse nyanja."

Zinthu zinasintha atabwera Sharon, mvetenale watsopano, dokotala wa ziweto wa boma, mtsikana wamtali woyenda pa njinga yamoto, wolankhula motsitsa ngati akukupempha madzi akumwa pamene akukuletsa ntchito. Malamulo a boma a ukhondo wa pophera nyama anthu ankangowamvera pa wailesi. Iye anabwera nawo pasimenti pompo. Osenda avale majombo ndi zovala zoyera, mipeni iziviikidwa m'madzi otentha, agalu asamayandikire. Zonsezo a Kelvin anavomera akung'ung'udza. Koma chimene chinagwedeza anthu chinali china: ng'ombe yobwera ndi ndowe ndi matope pachikopa isaphedwe.

"Posenda, mpeni umadutsa pachikopa n'kulowa m'nyama," anatero Sharon. "Chimene chili kunja chimalowa m'kati, anthu n'kumatsegula m'mimba osadziwa chawapweteka. Ng'ombe yauve ine sindidinda. Ndipo zikapitirira, malo ano ndiwatseka, nyama izichokera ku Salima m'tauni."

Ine ndinawomba m'manja ndekhandekha, anthu onse akundiyang'ana ndi diso lofiira. Popanda chidindo chija cha mvetenale loji yathu sigula nyama, ndiye a Kelvin analibe pothawira.

Funso linali loti asambitse ndani. Eni ng'ombe, ozikusa kuchokera ku Khombedza kudzera m'madambo, ankati tikagulitsa tagulitsa, matopewo ndi basela. Osenda ankati ife tinalembedwa ntchito yosenda, sitine alezi. A Kelvin anatulukira mwadzidzidzi kuti ali ndi vuto la msana. Choncho ng'ombe zinkangoima m'khola zili bii, Sharon n'kumapukusa mutu, Che Binali n'kumabwerera ndi mpeni wosamasula. Kunyumba akazi awo, mayi Asiya, anayamba kuphika bonya m'mawa ndi madzulo, ndipo bonyayo ankaperekedwa ndi mawu pamwamba.

Koma sikuti chimene chinawawawa kwambiri ndi ndiwo. Che Binali anaona patali. Kophera kukatsekedwa, ku Salima kuli ozinga awoawo, palibe amene angaitane mkulu wa njinga kuchokera kunyanja. Mpeni wa bambo awo ukanathera m'sutikesi, ndipo dzina lawo likanaleka kutchulidwa pabutchala. Tsiku lina anafika atavala ovolosi yobwereka, yopinda miyendo katatu, m'manja muli bulashi yochapira ndi chidebe.

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Woseka kwambiri anali Sulaiman, wogula ndi kugulitsa nsomba, amene ankazingako mbuzi za anthu pa chikondwerero cha Idi, ndipo si chinsinsi kuti malo a Che Binali ankawasirira kalekale.

"Shehe, ng'ombezi mwayamba kuzichititsa wudhu, kusamba kokapemphera? Lachisanu tiziona pamzere kumzikiti?"

"Zikhala kutsogolo kwako," anatero Che Binali. "Zikusamba kuposa anthu ena amene ndikuwadziwa."

Poyamba anachita monga mmene munthu aliyense wobadwira kunyanja akanachitira. Chinthu chikada, kwathu kuno umapita nacho kunyanja: mbale, mwana, mphasa, ngakhale njinga. Ndiye m'mamawa anakusa ng'ombe ziwiri mpaka pagombe, n'kulowa nazo m'madzi mpaka m'chiuno, azimayi otsuka mbale akuwakuwiza kuti awadetsera madzi. Anabwera nazo kophera zikuwala, madzi ali chuchuchu m'mimba, iwo akuyenda monyadira. Sharon anangoika chikhatho pamimba pa imodzi n'kuwaonetsa.

"Bambo, mwagwira ntchito, sindikukana. Koma yonyowa ndiye yoopsa kuposa. Madziwa atsetsereka ndi litsiro lonse kulowa m'nyama. Ikhale yoyera, komanso youma."

"Adokotala, ndiye ndiziyanikanso pachingwe?"

"Muzizisambitsa dzulo lake. Ndipo zikasamba zisagonenso m'ndowe."

Apa ndiye panagona nkhani yonse, ngakhale palibe anazindikira tsiku limenelo. Ng'ombe ikasamba, chimene imafuna ndi kukagona pomwe pali ponyansa kwambiri. Kuti isatero pamafunika munthu woilondera. Choncho Che Binali, amene kale ankaidziwa ng'ombe kanthawi kongokwanira kuipatsa madzi, tsopano ankakhala nazo masana onse. Ankazisambitsa pa mjigo wa kuseri, kuzimangirira pamalo owaza mankhusu a mpunga ochokera ku Lifuwu, n'kukhala pa chitsa pambali pake mpaka ziume. Munthu wokonda kucheza ngati iwo sangakhale chete masana onse. Anayamba kuzilankhula. Ndinawapezapo akuifotokozera nkhunzi ina za kukwera mtengo kwa feteleza, iyo ikubzikula, maso ali gwa pa iwo ngati ikuvomereza.

Anaphunziranso zambiri. Anadziwa kuti ng'ombe yolusa ukaikanda kuseri kwa linunda imagwetsa mutu n'kuyamba kutuluka dovu. Anadziwa kuti ndowe youma sukokera, umainyowetsa kaye ndi madzi ofunda. Nkhupakupa ankazichotsa ndi zala, n'kumazitukwana imodziimodzi. Sharon anayamba kudinda osayankhula kanthu, a Kelvin msana unachira, ndipo nyama yofika kukhitchini kwanga inali yoti ungoduladula n'kuponya mumphika. Kophera kunapulumuka. M'mawa Che Binali ankavalanso mkanjo wawo n'kuzinga monga kale, ngakhale ndinkaona kuti nthabwala zawo za pa pedulo zayamba kuchepa.

Kenako kunabwera ukwati. Banja lina la ku Lilongwe linasankha loji yathu, alendo odzaza mabasi, ndipo abwana anaitanitsa ng'ombe yathunthu kwa a Kelvin. Inali nthawi ya dzinja. Ng'ombe imene inabwera kuchokera ku Khombedza ndinaiona ndi maso angawa, ndipo ndinagwira pakamwa. Inali yaikazi, yosiya kubereka, nyanga imodzi yoloza kumwamba ina pansi. Mtundu wake sunkadziwika. Inali itakhala m'khola la matope ofika m'mawondo, ndiye m'ntchafu ndi kumimba munali zibuma za ndowe zolendewera, zogundana ikamayenda. Pamsana panali mikwingwirima ya zikwapu, ndipo munthu akangoyandikira inkaponya mwendo.

"A Kelvin, ichi ndiye chimene ndikaphikire akwati?"

"Mayi Zione, m'katimo muli nyama yabwino. Kunjaku ndi kwa Che Binali."

Che Binali anayamba nayo patali, ndi madeya othira mchere. Itamaliza kudya inawalola kuikhudza pakhosi. Zibuma zina zinakana madzi, anachita kuzimeta ndi sizasi ya mayi Asiya yodulira nsalu, nkhani imene inafika mpaka kwa aneba. Litsiro litachoka, inapezeka kuti ndi yofiira, ya kachigamba koyera pachipumi, yokongola ndithu. Koma atangomaliza, kumwamba kunatseka. Unayamba mvumbi, uja wosagwa mwamphamvu koma wosakata, wonyowetsa ngakhale machesi a m'thumba.

Khola la kophera lilibe denga. M'mawa mwake Sharon anaika chikhatho pamimba pa ng'ombeyo n'kunena mawu amodzi okha: "Sinaume." Mawa lakenso chimodzimodzi. Ukwati unali Loweruka, ndipo ine ndinkafuna nyama Lachisanu kuti ndiyambe kuikonza. Magazi anandikwera. Ndinaiwala kuti ndine ndinawomba m'manja tsiku lija.

"Achemwali, mvulayi mwaitenga ngati ndaigwetsa ndine? Dindani, ine ndikaitsuka bwinobwino kukhitchini!"

"Mayi," anatero Sharon ndi mawu ake aja opempha madzi, "alendo anu akadwala adzatchula dzina la loji yanu ndi la wophika. La ine saalidziwa."

Ndinanyamula mabeseni anga opanda kanthu n'kubwerera kuloji.

Che Binali ndiwo anapeza nzeru. Anaitenga ng'ombe ija kupita nayo kwawo, n'kuimangirira m'chisakasa chimene mumagona njinga ndi nkhuni. Njinga inagona pamvula. Anayala mankhusu pansi, n'kumaipukuta ndi masaka, ndipo anasonkha kamoto pakona kuti mukhale mofunda. Mayi Asiya anandiuza pamsika, akuseka koma mkwiyo uli m'kati, kuti pa zaka zonse za banja lawo iwo sanapukutidwepo msana ngati mmene ikupukutidwira ng'ombe ya eni ake. Akuti bambowo tiyi ankamwera komweko, ndipo akapita kumzikiti ng'ombe inkalira mpaka abwere. Ikawaona inkatambasula khosi n'kumawanyambita pamkono.

Lachisanu kunacha bwino, dzuwa lili ngwee. Ine ndinalawirira kophera ndi mabeseni anga pa kabaza. Tili chiimire tinaona Che Binali akubwera wapansi, atavala mkanjo, ng'ombe ikuwatsata pambuyo popanda chingwe, ubweya uli waliwali. Osenda anaimba mluzu. Sulaiman, amene anadzagula chiwindi, anati, "Mkwatibwi wafika!" Sharon anaisisita kumimba, m'ntchafu, kumchira, n'kuyang'ana chikhatho chake.

"Iyi ndiye ng'ombe," anatero. "Pitirizani, bambo."

Che Binali anaipatsa madzi, inamwa. Osenda anaikola miyendo n'kuigwetsa. Apo ndiye inakumbuka zikwapu zonse za moyo wake, inayamba kuphiriphitha, maso ali tong'o, amuna anayi akulephera kuigwira. Che Binali anagwada, mpeni uli kumbuyo, n'kuikanda kuseri kwa linunda, akuilankhula chapansipansi. Nthawi yomweyo inaleka. Inapumira m'mwamba, n'kugoneka mutu pabondo pawo, khosi lili poyera.

Anatulutsa mpeni. Milomo inayamba kutchula dzina la Mulungu, koma dzanja linaima m'malere, ndipo ndinaona nsonga ya mpeni ikunjenjemera. Anayesanso kachiwiri. Kenako anaubweza kumbuyo.

"Shehe, dzuwa likukwera," anatero a Kelvin.

"Dzanja lakana," anayankha osadzutsa mutu. "Ndi dzanja lonjenjemera ndingoizunza, ndipo imeneyo ndi haramu, Mulungu amaletsa. Sulaiman, wasamba m'manja?"

Sulaiman, wa pakamwa uja, anapukusa mutu. Sharon anamupatsa sopo ndi chovala choyera. Che Binali anamupatsira mpeni chakumbuyo kuti ng'ombe isaone, koma dzanja lawo linalo silinachoke pa linunda mpaka zonse zitatha. Kenako anadzuka n'kupita kumjigo, ndipo nthuli yapakhosi anaisiya pompo. Ine ndinanyamula nyama yanga, yoyera bwino, yodindidwa. Ndinapeza chimene ndinkakalipira sabata yonse, koma pa kabaza ndinkalira ngati wobwera kumaliro, wa kabaza mpaka anandifunsa ngati wandipweteka ndi mabampu.

Tonse tinkati ndi za tsiku limodzi, ng'ombe ija inangowalowa mumtima chifukwa chogona kwawo. Koma sabata yotsatira zinachitikanso ndi nkhunzi wamba yakuda imene anangocheza nayo masana amodzi. A Kelvin, amene si munthu woipa, anawaitanira pambali.

"Shehe, vuto ndi bulashiyi. Isiyeni. Ndapeza munthu woti azisambitsa, inu muzingobwera m'mawa ngati kale, osazidziwa. Anthu pabutchala akufunsa dzina lanu."

Anavomera, ndipo ankaoneka kuti apepukidwa. Ntchito yosambitsa anapatsidwa Steven, mmodzi wa osenda aja, bambo wamphamvu zake koma wopanda chifundo ndi chiweto. Iye kusambitsa kwake kunali kumangirira ng'ombe pamtengo mothinitsa, kuikhuthulira zidebe kumaso, ikaponya mwendo n'kuidyetsa chikoti. Zinkayera ndithu, Sharon analibe chokanira. Che Binali anadutsa masana ena akuchokera kumsika, anamva kulira kuseri, anatsika panjinga. Anaima pampanda kanthawi. Wowaona akuti anangolowa, mkanjo uli m'thupi, n'kumulanda Steven chikoti ndi bulashi yomwe.

M'mawa mwake ndinalipo. Anafika ndi kansalu kawo koyera, n'kuitana Sulaiman pamaso pa tonse.

"Uwu unali wa bambo anga. Sufuna mwala wokhakhala, ndipo usamaubwereketse."

"Shehe, ine zija ndinkangoseka," anatero Sulaiman, manja atawabisa kumbuyo. "Dzina ndi lanu pano."

"Lizolowereka lako. Wozinga apezeka, ndi uyu waima apayu. Koma wozisambitsa bwino palibe, ndaona ndekha." Anamugwira dzanja n'kumufumbatitsa. "Ikamavuta, uziikanda kuseri kwa linunda, usamaikalipire. Ndipo ndikupempha chinthu chimodzi. Usanazinge, uzidikira kaye ndikhote pachigayo paja."

Mpaka lero ndi mmene zilili. Pabutchala ukafunsa kuti wazinga ndani, amati Sulaiman, ndipo nthuli yapakhosi imapita kwa Sulaiman. Che Binali ana amawatcha wosambitsa ng'ombe, iwo n'kumavomera ndi dzanja. Masana amakhala pachitsa chawo kuseri, ali mu ovolosi, akukamba nkhani ndi ng'ombe za mawa. M'mawa amabwera kudzazipatsa madzi, kuzisisita komaliza, n'kuzipereka kwa Sharon kuti aziyendere. Akatero amakwera njinga.

Kuchoka kophera kukafika pachigayo ndi kamtunda ndithu, ndipo mkuluyo sapalasa mothamanga. A Kelvin amakhala ndi makasitomala akudikira, Sharon amakhala ndi kwina koti akayendere, ine ndimakhala nditasiya anyezi pamoto. Koma palibe amene amadandaula. Sulaiman amaima mpeni uli kumbuyo, tonse maso kumsewu, mpaka mzuli uja utakhota.